Mlandu wa Nyamapiko

Pamsika wa Petauke palibe munthu amene anandiposapo pakamwa. Funsani aliyense. Ndimagula mbuzi pamtengo wa nkhuku, mwini wake n'kundithokozanso. Lusoli ndinaliyamba ndili giledi sikisi ku Kacholola, m'chilimwe china chimene mpaka lelo chimandipsetsa mtima ndikamva fungo la zitumbuwa zokulungidwa m'pepala.

Amake Tisa, mnzanga wa m'kalasi, ankagulitsa zitumbuwa pamsewu pamene mabasi a ku Lusaka amaima. Ankazikulunga m'masamba a buku lachingelezi lopanda chikuto. Apaulendo akadya n'kutaya, ife tinkatola masambawo m'fumbi, onona mafuta mpaka dzuwa kuonekela kuseli, n'kukawayala motsatila manambala pansi pa mtengo wa mango. Tisa ndiye ankawelenga n'kumatimasulila. Inali nkhani ya dziko la miyezi iwili, kumene ziphona zinatseka mtsinje ndi khoma la miyala, anthu akumunsi n'kumafa ndi ludzu. Mkazi wina wouluka, amene tinamupatsa dzina loti Nyamapiko, anakagumula khomalo. Anthu ake anamwa. Koma madziwo anakokolola minda ya ziphona, ndipo ana awo anafa ndi njala.

Tisa atafika pamenepo anataya tsamba pansi. Anati Nyamapiko ndi wakupha basi. Ine ndinaseka, ndipo tinagwilizana kuti mlanduwo uzengedwe, wopambana atenge masamba onse. Anzathu anakhala pamizu, ntchentche zili ng'waa pa masamba amafuta aja. Tisa analankhula pang'ono. "Ana a ziphona nawonso ni ana," anatelo. Ine ndinaimilila pachitsa ngati mlaliki. "Iwe Tisa, unaonapo miyezi iwili ku Kacholola kuno? Kwao n'kwao, malamulo athu safikako. Madzi alibe mwini, ndipo ludzu lilibe mlandu!" Anzathu anaomba m'manja. Ndinapinda masamba aja n'kuika m'malaya, mafuta ake n'kundidetsa pachifuwa ngati mendulo.

Ife tinali obwela, ochokela ku Katete, ndipo dimba limene tinapatsidwa linali kumtunda kwa kamtsinje. La amake Tisa linali kumunsi. Chaka chimenecho nkhokwe yathu inaoneka pansi msanga, ndipo atate anaika mtima wonse pa matimati. Okutobala atafika, madzi anachepa ngati chala. Atate anadzaza mchenga m'masaka a feteleza n'kutseka kamtsinje pamwamba pa mabedi athu a matimati. Masaka ena ndinasenza ndine, ndikuimba. Matimati athu anachita maluwa achikasu, masamba ake akununkha m'manja. Repu ya amake Tisa inagona pansi ngati nsanza. Amaiwo anabwela kawili kudzadandaula, chitenje chili m'chiuno, ndipo atate anangoti, "Pepani amai, akangopsa titsegula."

Lamulungu lina tili m'chalichi, Tisa anatenga khasu.

Tinapeza masaka ong'ambika, mabedi atasanduka matope, matimati ali mizu m'mwamba mpaka kumunsi. Atate sanatukwane. Anakhala pachulu atavala jekete la kuchalichi, n'kumangoyang'ana. Miyezi itatu yotsatila tinadya mango aawisi ophika, ndipo kamlongo kanga, Esnati, kanatupa mapazi mpaka kukagona kuchipatala ku Nyimba. Kanachila, koma ine sindinaiwale.

Tsiku lomwelo la khasu ndinathamangila kumsewu. Ndinam'peza Tisa akukulunga zitumbuwa, matope akadali m'miyendo. Ndinamutcha wakuba, mfiti, ndi maina ena amene sindingalembe pano. Iye anadikila kuti nditope, kenako anati, "Iwe Yobe, si ndiwe unatiphunzitsa? Madzi alibe mwini. Ludzu lilibe mlandu." Pakamwa panga, pamene ndimadyela lelo, panauma gwa. Mawu amene anatuluka sanali anga ayi. "Nafenso ndife ana," ndinatelo, misozi ili mbwee, apaulendo akutiseka pamawindo a basi. "Ziphona zimalila chonchi kansi?" anatelo Tisa, koma iye sanaseke.

Masamba aja ndinakawaponya m'chimbudzi. Mapeto a bukulo sitinawaone, mwina anapita ku Lusaka ndi chitumbuwa cha munthu.

Panthawiyo ndinkaona kuti Tisa anandibela mawu n'kundimenya nawo. Lelo ndimadziwa kuti tonse tinkaweluza bwino malinga ngati mtsinje unali wa m'buku. Utangokhala wathu, aliyense anatola chilungamo chimene mnzake anataya. Komabe ndikakumbukila mapazi a Esnati ndimakwiyabe, ndipo ndikakumbukila repu ija ndimasowa womukwiyila. Tisa anaswa lamulo lake ndi khasu, ine ndinameza langa pamaso pa basi yonse. Masamba ndinatenga ndine, madzi anatenga iye. Nanga inu mukuti anapambana ndani?