Amayi a mbatatesi ndi chitini chawo

Amayi amene ndimayandikana nawo nyumba ku Tsangano amagulitsa mbatatesi pamsika, ndipo saseka wambawamba. Mzimayi akagula ndowa, amamufunsa asanamupatse chenje: "Mimba ikumatupa? Mukumakhuta msanga?" Wina akakwiya, iwo amangoti, "Manyazi sachiza."

Mng'ono wawo anamwalira ndi khansa ya m'thumba la mazira. Mimba itakula, anthu ankati ndi woyembekezera, ndipo madokotala anaipeza mochedwa. Ndiye pambali pa mbatatesi amaika chitini chosonkhera thiransipoti ya amayi okayezetsa kuchipatala.

Tsiku lina bambo wina wodzapikula pa lole anakankha chitinicho.

"Izi n'za azimayi. Ine thumba limenelo ndilibe."

Amayiwo sanadzutse n'komwe mutu. "Zoona, bambo, mulibe. Nanga dzira limene munachokeramo anakalitola m'khola la nkhuku?"

Msika wonse unafa nacho chiseko, kupatula amayiwo. Bamboyo anaponyamo ndalama mwachangu kuti azipita.

"Zikomo. Nanga akazi anu, mimba ili bwanji?"

Bamboyo anaima kanthawi, makiyi ali m'manja. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kuchipatalako mumapita nawo tsiku lanji?"