Buluzi M'katoni ya Nsapato

Mwana wanga Tamara amaweta buluzi wachilendo, wa timinga pakhosi ngati ndevu. Popita kusukulu yogonera komweko anandisiyira kuti ndizimudyetsa. Sabata yatha ndinaona chotupa pansi pa chibwano cha buluziyo, cholimba ngati nyemba, ndipo anasiya kudya.

Ndinamuika m'katoni ya nsapato n'kupita kwa dokotala wa ziweto kufupi ndi Palabana. Pamzere panali alimi okhaokha, akukamba za nkhupakupa ndi mkaka. Kumbuyo kwanga kunaima ba Mwanza, mkulu wa mpingo wathu. Kuno munthu akaoneka ndi buluzi m'katoni, mawa lake amadzuka ali mfiti.

"Muli chani umo, ba Tembo?" anafunsa.

"Kamwanapiye," ndinayankha. "Kali na chimfine."

Nthawi yanga itakwana sindinatsegule katoni. Ndinagula mankhwala a nkhuku n'kubwerera kunyumba, ine wopanda nkhuku ngakhale imodzi.

Chotupa chija chikukula. Dzulo Tamara anaimba foni: "Adadi, buluzi wanga ali bwanji?"

"Ali che bwino," ndinatero.

Loweruka akubwera kudzamuona.