Tsamba lapansi m'timu yathu

Chaka chomwe netiweki inayamba kugwira bwino pa Chamama, tinali anthu anayi osasiyana: ine, alamu anga omwe ndi achimwene a mayi a kunyumba, aphunzitsi ena a kupulayimale, ndi mkulu wometa amene tinkatchajitsa mafoni m'shopu mwake. Tikaweruka kusankha fodya m'chigafa, manja akadali omata ndi utomoni, tinkakhala pabenchi la pashopupo n'kulowa masewera a nkhondo a pafoni. Timu imakhala ya anthu anayi basi, ndipo mumalimbana ndi anthu akutali omwe simudzawaona.

Tinkapambana ndithu. Ine ndinkadziwa mumtima kuti mzati wa timu ndine. Zoona, nthawi zambiri ndinkayamba kufa ndine, koma ndinkati munthu wolimba mtima ndiye amatsogola. Ndikafa ndinkapitiriza ntchito ndi pakamwa, kuuza anzanga kolowera.

Ndiye kunabwera mlangizi watsopano wa zaulimi. Bambo ameneyu zala zake zinkathamanga pagalasi la foni ngati nkhuku yotola mapira. Anzanga atamuonerera kawiri, anayamba kumandiyang'ana cham'mbali. Malo ndi anayi, anthu takwana asanu, ndipo ndinaona kuti malo amene ali pamoto ndi anga. Zinandiwawa, sindinama. Benchi lija linali tchalitchi changa chachiwiri.

Mwayi unandipeza tsiku lina mlangiziyo akumetetsa. Anandipatsira foni yake kuti ndimugwirire, ine n'kulowa masewera aja pa dzina lake kamodzi. Abale, sindinayende n'komwe. Ndisanaone kumene kuli adani, ndinali nditagona kale chagada. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti masewerawa amasankha anthu monga momwe timasankhira fodya: wamtali ndi wamtali mnzake, wofiira ndi wofiira mnzake. Amaona mmene umasewerera n'kukupezera adani a msinkhu wako. Mukalowa ngati timu, amakuikani nonse pasikelo imodzi n'kukufunirani timu yolemera mofanana. Kutanthauza kuti katswiri akalowa pakati panu, amabwera ndi mikango yake.

Ndinabweza foni mwaulemu, osauza munthu.

Loweruka lake alamu anayamba kuzungulira nkhani. "Alamu, paja mumadandaula maso masiku ano. Bwanji mupumuleko sabata imodzi, alangiziwa angotigwirira malo?"

"Palibe vuto, alamu," ndinatero ine, nkhope ili phee. "Ndikhala pambalipa ndiphunzireko kwa odziwa."

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndinagula mtedza wokazinga, n'kukhala pachitini chakukhomo, miyendo ndatambasula.

Sabata imeneyo sindidzayiiwala. Aphunzitsi ankafa asanakonze n'komwe magalasi awo. Wometa tsiku lina anasiya munthu mutu uli theka kuti athandize timu, koma pomwe amagwira foni n'kuti zonse zitatha, ndipo anangobwerera kumutu kuja akung'ung'udza. Alamu anayamba ndi kunyoza netiweki, kenako foni, kenako mitambo. Mlangizi yekha ndiye ankatsala wamoyo, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti, "Muli kuti nonse? Ndithandizeni!" Anzake ali gone, akuonerera. Ine ndinkangofunsa mokoma mtima kuti, "Zikuyenda, akuluakulu?" n'kuponya mtedza m'kamwa. Kunyumba ndinkafika nthiti zikupweteka ndi kuseka, mpaka mayi a kunyumba anayamba kundinunkhiza m'kamwa.

Mlangizi anatopa yekha. Anati kunyamula matumba atatu pamsana wake sangathe, n'kubwerera kwa akatswiri anzake a m'tauni.

Lolemba masana ndili m'chigafa, ndikumanga timitolo ta fodya, ndinaona alamu akulowa atavula chipewa. Ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. Ndinapitiriza ntchito ngati sindinawaone, kuti mawu opepesa apse bwino.

"Alamu, tabwererani," anatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Takusowani kwambiri."

"Nanga maso anga aja?"

"Asiyeni masowo, akhale momwemo. Aphunzitsi afufuza bwinobwino, atifotokozera. Akuti makinawa amatiyeza tonse pamodzi. Ndiye inu mukakhalapo, sikelo imatsika kwambiri, amatimvera chisoni n'kutipatsa anthu ofooka. Kupambana konse kuja ndi inuyo, alamu. Popanda inu sitingathe."

Anayankhula ndi mtima woyera, akumwetulira ngati andibweretsera mphatso. Ine ndinaleka kumanga fodya, tsamba lili m'manja. Sabata yonse ndinkaseka kuti katswiri amakweza sikelo, koma sindinadzifunsepo kuti nanga ankaitsitsa masiku onsewa ndani. Ndinayang'ana tsamba ndinagwiralo. Linali lapansi penipeni, lopyapyala, lodyedwa m'mbali, la mtundu umene timauika pawokha kuti usaononge mtengo wa belo. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

"Chinthu chimodzi chokha, alamu," anawonjezera akuvala chipewa. "Tamva kuti masiku ano mumayeserera panokha. Chonde musiye. Mungaphunzire."

Ndinafuna kukana. Ndinakonza ngakhale mawu oti ndiwauze, akuti ine si mwala woikira pasikelo. Koma dzuwa litapendeka miyendo inanditenga yokha mpaka pashopu. Ndinapeza malo anga pabenchi atawapukuta, wometa atandisungira chingwe chotchajira chabwino chija chomwe sabwereka munthu. Tinalowa masewera. Ndinafa woyamba, monga mwa nthawi zonse, ndipo tinapambana. Onse atatu anatembenukira kwa ine n'kundigwira chanza mmodzimmodzi, aphunzitsi mpaka kugwirizira ndi dzanja lamanzere.

Ndinalandira. Ndikanatani, poti kanali koyamba kuti andithokoze pa ntchito imene ndinagwiradi.