Khomo la Bafa

Zinayamba Loweruka loyamba la mwezi wa Agosto, ola la 10 m'mawa, pamalo athu kunja pang'ono kwa Ulongwe. Maziko anali atatha. Amesitiri, amene ankatimangira nyumbayo, anafuna ndiwaonetse podzakhala sanita, chimbudzi chamadzi, ndi potulukira madzi, chifukwa Lolemba ankadzathira simenti pansi. Matubo odutsa madzi akakwiririka sasunthikanso.

Bafa la m'nyumba silinali lodzionetsera. Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anagwa nthawi yachisanu popita kuchimbudzi kwawo ku Fonte Boa, ndipo anakhala pamame mpaka anthu anawapeza. Chiyambire pamenepo amayendera ndodo. Tinagwirizana kuti nyumba ikatha adzakhala nafe.

Ndinalemba pansi ndi kamtengo. Sanita pakona, posambira pafupi ndi zenera, chitsulo chogwirira pakhoma. Khomo ndinaliika pakati pa chipinda chathu ndi chawo kuti pasakhale mtunda.

Masana mkazi wanga anabwera ndi mayi akewo pa chapa, minibasi ya kuno, kudzaona. Ine ndinapatuka n'kukaima kumulu wa njerwa, monga ndachitira chikwatirire. Sitinadyerepo pamodzi, sitiyang'anana m'maso.

Apongozi anayenda m'mizere ija pang'onopang'ono, akuloza ndi ndodo.

"Apa n'chiyani?"

"Chimbudzi, amayi," anatero mkazi wanga. "Chokhalira ngati mpando. Mawondo sadzakuvutaninso."

"M'nyumba? Momwe mukusunga ufa?"

Amesitiri anaseka. "Agogo, madzi amatsuka zonse. Ngakhale ansembe ali nacho."

"Ansembe alibe apongozi."

Kuseka kunathera pomwepo. Analoza khomo la chipinda chathu, kenako la chipinda chawo.

"Ndiye abambo a pano atuluke uku, ine ndituluke uku, tikumane apa? Iwo akhale pampandopo, inenso ndidzakhale pomwepo? Kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi tinali khamu pa dzenje limodzi, koma ndi mkamwini, ayi. Ndisiyeni kwathu. Ndikagwa, ndagwa."

Sanakalipe. Anangonena ngati akunena za mvula.

Atapita kukapuma, tinayesa njira zonse. Khomo kuliyang'anitsa kunja, ndiye kuti adzatulukanso pamame, zomwe tinkathawa zija. Makomo awiri, mpando ukhalabe umodzi. Bafa lachiwiri amesitiri anapima, malo panalibe, pokhapokha titadula chipinda cha ana athu aakazi, chomwe chinali chochepa kale.

"Kodi simungawauze kuti nthawi zinasintha?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Kawauzeni nokha, abambo, poti munapita kusukulu."

Atatero anatembenukira kumbali n'kupukuta maso ndi kapulana yomwe anavala. Amawadziwa mayi ake. Akati sabwera, sabwera. Ndipo tikawabweretsa mokakamiza, anati, adzasiya kumwa madzi kuti asafune kulowamo. Mawu amenewo anandikhala pamtima tsiku lonse.

Panali china chimene sindinauze munthu. Moyo wanga wonse ndasambira pamwala, kuseri kwa mpanda waudzu, mphepo ya kuno ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinkati m'nyumba yangayanga ndidzasambira m'kati, chitseko chotseka. Mawondo anganso ayamba kulira ndikamanjuta. Ndinachita manyazi kuti ndikudandaula za ine mwini pamene nkhalamba ikusankha kugwa.

Ndinafuna wina woti ndimukwiyire, sindinamupeze. Apongozi sanapemphe kanthu. Ulemu umene ankausungawo unali wanga womwe.

Lamulungu m'mawa, Misa isanayambe, ndinapita ndekha pamalopo. Ndinafufuta khomo lija ndi phazi n'kulilemba mbali ina, lolowera m'chipinda cha apongozi basi. Iwo, mkazi wanga ndi ana aakazi adzidzera mmenemo. Kenako ndinapita kukona ya kuseri, kutali ndi chitsime, ndinakhoma zikhomo podzakumba dzenje la chimbudzi changa ndi podzaika mwala wosambira. Nditabwerera ndinatuma mkazi wanga akawauze kuti m'bafamo mwamuna sadzapondamo.