Majakisoni Pansi pa Dengu la Ndiwo

Mwana wa abwana ndinamulera ndine. Ndinalowa ntchito ya m'nyumba ku Area 12 iye akukodzabe pabedi. Atakula n'kuyamba kuvala malaya a manja aatali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndinadziwa msanga kuposa makolo ake. Timadontho ta magazi pa malayapo ndinkatichapa ndine.

Makolo akewo anali akumpoto, onse ogwira ntchito m'boma, akuluakulu a mpingo. Atadziwa kuti mwana wawo akudzibaya mankhwala ozunguza bongo, anaitana abusa, anamulanda foni, anamutsekera m'chipinda. Za kuchipatala sankafuna n'kumva komwe. Madamu, mayi ake, ankati akakumanako ndi anzawo a kuntchito, nanga akanena kuti abwerera chiyani?

Tsiku lina ndikusita, mwanayo anadzaima pakhomo.

"Anti, kumsika, kuseri kwa ogulitsa malata, kumaima galimoto Loweruka. Amapereka majakisoni atsopano, aulere. Mukanditengereko."

Ndinapsa mtima. "Iwe, ukufuna ndizikutengera imfa ndi manja angawa?"

"Kusiya ndalephera, anti. Ndikasowa anga ndimabwereka kwa anzanga, ndipo ena mwa iwo akudwala."

Koma Loweruka ndinapita.

M'galimotomo munali namwino wonenepa, wosekaseka. Sanandifunse kuti ndine yani. Anandipatsa mpukutu wa majakisoni, thonje lopukutira pakhungu ndi kabokosi kotayiramo akale. "Mayi, sitikuti azidzibaya," anatero. "Tikuti akhale moyo mpaka tsiku lomwe adzathe kusiya. Mukamuuze abwere tidzamuyeze magazi." Ndinaika zonsezo pansi pa dengu, pamwamba mpiru ndi tomato.

Ntchito imeneyi ndinkadana nayo. Ndinkapita ndikung'ung'udza njira yonse, m'mawa mwake n'kukaimba kwaya ngati palibe chachitika. Koma zilonda za pamkono zinapola. Anafika popita yekha kukayezetsa, n'kubwera akuimba mluzu, akuti magazi ali bwino. Madamu ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Kabokosi kaja anakapeza kuseri kwa makina ochapira, anangokabwezera pomwepo n'kundifunsa ngati anyezi watsala.

Kenako Loweruka lina galimoto sinabwere. Lotsatiralo chimodzimodzi. Wogulitsa misomali pamalopo anandiuza kuti thandizo lakunja latha, anamwino aja awauza kuti akhale kunyumba. Ndinazungulira m'mafamase a ku Old Town. Ena ankafuna kalata ya dokotala. Wina anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumpango, ndinatuluka manyazi atandigwira. Ndinalimba mtima n'kuwauza madamu zonse, kuti iwo ndi galimoto yawo ndi Chingerezi chawo palibe angawakanize majakisoni.

"Inu anti," anatero osandiyang'ana, "nkhani imeneyo m'nyumba muno ayi."

Ndinawada tsiku limenelo. Mpaka pano sindinawakhululukire bwinobwino, ngakhale ndinkawamva akulira kubafa, mpopi atautsegula kuti tisamve.

Mwanayo anayamba kunola singano zakale pabokosi la machesi. Mkono unatupanso. Kenako anayamba kulumpha mpanda n'kusowa masiku. Abwana anakweza mpandawo, anaikapo waya, basi ulendo wotsatira sanabwererenso.

Ndinamuwona komaliza masana ena ndikuchokera kumsika. Ndikuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndinasuzumira pansi. Anali atakhala pamiyala ndi anzake, jakisoni mmodzi akuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Amene anali ndi jakisoniyo nthawi imeneyo anali wowonda zedi, wotsokomola, milomo yonse zilonda. Wotsatira anali mwana wanga, yemwe ndinamulera uja.

Ndinakuwa dzina lake mpaka anthu anaima kundiyang'ana. Anadzutsa mutu, anandizindikira, n'kumwetulira.

"Anti, pitani. Muchedwa kuphika."

Kenako anatambasula dzanja n'kulandira.