Chingwe Choyezera Ndime

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, ndipo sichinali chifukwa cha umbuli. Thonje la bambo linadyedwa ndi mbozi chaka chimenecho, fizi inasowa, nkhani n'kuthera pomwepo. Anzanga amene ndinkawaonetsera masamu anapitirira. Ine ndinapatsidwa chikwanje n'kutsatira atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ku esiteti ina ya nzimbe kumene ankadula. Ndinachoka kwa Maseya ndili wokwiya, ndipo aliyense wondipatsa moni ankaulawa mkwiyowo.

Kumeneko munthu sankalipidwa chifukwa choti wabwera ku ntchito. Aliyense anali ndi tikiti, kapepala kolimba ka timabokosi makumi atatu. Ukamaliza ndime yako ya tsikulo, kapitawo ankachonga kabokosi kamodzi, ndipo timabokosi tikadzaza m'pamene unkaona ndalama. Ukalephera ndime, ngakhale utatsala ndi mapesi khumi okha, thukuta la tsikulo linali laulere. Ukalephera masiku atatu otsatizana ankakuchotsa ntchito, chipinda cha ku komboni n'kulanda. Atsibweni anali ndi chifuwa cha phulusa la nzimbe. Ndime yawo ankaimaliza ena onse atasamba kale. M'chipinda chawomo munali mkazi ndi ana anayi, ndipo munda wa kumudzi unakokoloka ndi madzi kalekale, kunalibe kobwerera.

Ndime ankaiyeza ndi chingwe cha khonje. M'mamawa kapitawo wathu, bambo wa ku Marka wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, ankagwira nsonga imodzi, wodula wina n'kugwira inayo. Ankachiyala motsatira mizere ya nzimbe zimene zinaotchedwa dzulo lake, n'kukhoma chikhomo. Akayala katatu, imeneyo ndiyo ndime ya munthu mmodzi.

Lamlungu lina masana wayilesi ya pagolosale inalengeza kuti boma laika malipiro amene wolemba ntchito aliyense sayenera kutsika nawo pa tsiku, ngakhale kwa ogwira ntchito m'minda. Anthu anaomba m'manja, monga ankaombera chilichonse cholengezedwa masiku amenewo. Ine m'mutu munatsala funso.

"Atsibweni, tsiku n'chiyani?"

"Wayamba."

"Ayi, ndiyankheni. Wayilesi yati pa tsiku. Tsiku la dzuwa kapena la chingwe? Inu Lachinayi munadula kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, koma sanakuchongereni. Ndiye Lachinayi lija linali chiyani?"

"Linali Lachinayi. Tenga mwala unole chikwanje."

Kuyambira pamenepo maso anga anali pa chingwe. Ngati tsiku ndi chingwe, wosunga chingwe ndiye wosunga malipiro. Ndinaona zinthu ziwiri. Chingwecho chinali ndi mfundo zisanu ndi ziwiri, imodzi yooneka kuti yangomangidwa kumene. Komanso m'mawa uliwonse chinkabwera chili chonyowa, madzi akuchucha, pomwe panali patatha miyezi inayi mvula osagwa.

Mutu wa Fomu 2 unagwira ntchito msanga. Mfundo, ndinati, ndi pamene alumikiza zidutswa kuti chitalike. Madzi ndi oti chitambasuke, monga chimachitira chikopa cha ng'oma ukachiviika. Boma lakweza matambala, iwo akweza chingwe. Ndinadziona ngati munthu yekhayo wopenya pakati pa anthu makumi anayi.

Ndinafunsa kapitawo chifukwa chake chingwe chimanyowa.

"Nkhabe, mphale," anatero, kutanthauza kuti ayi mnyamata iwe, osandiyang'ana n'komwe. "Chingwe ndi cha akulu. Iwe dula."

Ndinafunsa mkulu wina wa kwa Lundu amene ndinamuona akuchokera nacho ku ngalande. Anati chimamva ludzu ngati ife tomwe, anzake n'kuseka. Ndinafunsanso atsibweni. Anaika chikho pansi n'kundiuza kuti chingwe sachifunsa. Palibe yankho limene likanandipsetsa mtima kuposa limenelo. Kusukulu sanandithamangitse chifukwa chofunsa, anandithamangitsa chifukwa cha fizi. Ndinayesa kuchiyeza ndekha ndi mikwamba pa nthawi yopuma, koma zinali zopanda pake, poti sindinkadziwa kuti chimayenera kukhala chachitali bwanji.

Panopa ndikudziwa chimene sanandiuzire. Ndinali mlendo wapakamwa, wodziwa Chingerezi, ndipo masiku amenewo munthu wotere sunkadziwa kuti akachoka pano akakhala ndi yani. Ngakhale atsibweni sankandikhulupirira. Sankalakwa.

Tsiku la malipiro ndinatsalira pawindo la kalaliki. Ndisanamalize chiganizo anandifunsa khadi la chipani. Ndinamuonetsa.

"Ndiye ukufuna kusokoneza anthu?"

"Ayi, bwana. Boma lanena za tsiku. Ndingofuna kudziwa ngati chingwe chathu chikugwirizana ndi mawu a boma."

Mawu amenewo sakanawakana, ndipo ndinkadziwa. Ndikuganiza kuti nayenso chinamugwira chidwi, poti zaka zonse ankalemba ndime m'buku osaona chingwe chake.

Lolemba kalaliki uja anabwera panjinga ndi tepi ya ku ofesi. Gulu lonse linaima, zikwanje m'manja. Ine ndinaima kutsogolo, chifuwa panja. Anauza kapitawo kuti ayale chingwe pamsewu, n'kuyendetsa tepi pambali pake. Anayeza kawiri. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira chishalo cha njinga.

Chingwe chinali chachifupi. Chinaperewera pafupifupi mikwamba iwiri.

"Wophunzira iwe," anatero akupukuta misozi, "kampani ikuthokoze."

Kapitawo anavula chipewa n'kunena kuti chingwe chakalamba, bwana, iye ndi munthu wosawerenga, amangogwira chimene anapatsidwa. Kalaliki sanafune milandu. Anangochikulunga n'kuchimangirira pakaliyala. Lachitatu kunabwera tcheni.

Atsibweni anandifotokozera titakhala pansi pa mtondo wa pakomboni, akunola chikwanje, mawu awo osakwera. Chingwe chija, anati, chinabwera chathunthu zaka zapitazo. Mwa apo ndi apo chikwanje cha wina chinkachigwera mwangozi, kapitawo n'kukalipa kuti anthu amve, kenako n'kuchimanga. Mfundo iliyonse inkadya chikhatho chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina kachidutswa kankatsalira m'phulusa. Sankafulumira, kuopa kuti zingaoneke. Za madzi, anati khonje si chikopa. Likanyowa limakhwinyata.

"Kapitawo uja anadulapo nzimbe," anatero. "Chingwe chimene chija ndi chimene chinkandisunga ine pano. Iwe wachipereka ndi manja awiri."

Ndikanayenera kupepesa. Chimene ndinachita, ndinapita kukafuna kachidutswa ka khonje, n'kukayeza pa ndodo, kukaviika m'ngalande, kukayezanso. Kanafupikadi. Manyazi anali pomwepo, komabe ndinakhala pamphepete pa ngalande ndikudabwa kuti anthu osadziwa kulemba dzina lawo anazitulukira bwanji zimenezi, ndiponso kuti anthu makumi anayi, Asena, Alomwe, Amang'anja, Achewa, a mipingo yosiyana, anasunga bwanji pakamwa zaka zonsezo.

Tcheni sichimva ludzu. Mikwamba iwiri kuyala katatu ndi mikwamba isanu ndi umodzi, pa mizere yonse ya ndime. Kwa ine inali ntchito ya kanthawi. Kwa atsibweni linali phiri. Lachitatu analephera. Lachinayi analepheranso, anakhala pa mulu wa nzimbe akutsokomola zakuda. Kunyumba azakhali, akazi a atsibweni, anandiikira chakudya, ndipo anayamba kumanga ziwiya m'nsalu ana akuona.

Lachisanu ndinadula ngati wamisala. Sindinapume, sindinamwe thobwa. Wa kwa Lundu uja ankakuwa kuchokera mumzere wake kuti, "Pang'onopang'ono, a Fomu 2, mungatiitanirenso tepi yoyezera liwiro." Sindinamuyankhe, ndipo kameneko kanali koyamba. Nditafika pa chikhomo changa ndinadumpha mizere n'kukayambira kumapeto kwa ndime ya atsibweni, ndikudula kubwerera kwa iwo.

Zinali zoletsedwa. Tikiti imodzi, chikwanje chimodzi. Wopezeka akuthandizidwa sankamuchongera, ndipo kwa atsibweni limenelo likanakhala tsiku lachitatu lolephera.

"Choka," anatero atsibweni. "Wandiphera chingwe, ufuna undipherenso tikiti?"

"Dulani, atsibweni. Mulankhula tikamaliza."

Kapitawo anatulukira tisanakumane. Anaima pamsewu, pensulo kukhutu. Anandiyang'ana ine, anayang'ana atsibweni, anayang'ana mapesi amene anatsala pakati pathu. Chikwanje sindinachiimitse, poti kuima kukanakhala kuvomera mlandu. Kenako anatembenuka, n'kutulutsa fodya ndi kapepala, n'kuyamba kupichira ndudu moyang'ana kumapiri a ku Thyolo. Sindinaonepo munthu wopichira ndudu mochedwa chotero. Itayaka anaisuta yonse, msana uli kwa ife.

Atatembenukanso ndinali nditakhala pa chikhomo changa ngati munthu wopuma, atsibweni akugwetsa phesi lomaliza. Anatenga tikiti yawo, anachonga, n'kuwabwezera. Yanga anaichonga osaiyang'ana.

"Mangwana ndilibe fodya, mphale," anatero, kutanthauza mawa. "Ubwere naye."

Ndinkamugulira fodya kapitawo kuyambira tsiku limenelo mpaka mvula inagwa n'kutseka nyengo yodula. Ndinadulanso mikwamba ya atsibweni tsiku lililonse, manja mpaka kung'ambika. Ena a m'gulu amene tcheni chinawalemera analibe mbale wowadulira, ndipo awiri anachotsedwa mwezi womwewo. Mmodzi ndinakumana naye pamsika, anandiyang'ana ngati akuyang'ana mtengo. Azakhali anamasula nsalu ija n'kubwezera ziwiya pathandala.

Funso langa palibe anandiyankha mpaka lero. Wayilesi inati pa tsiku, ndipo sindinamvepo ikufotokoza kuti tsikulo n'lalitali mikwamba ingati. Chimene ndinasiya ndi kufunsira pawindo. M'mawa uliwonse kapitawo akamayala tcheni ndinkayenda pambali pake mwakachetechete, ndikuyang'ana mphete zake imodzi imodzi, kuti ndione ngati ilipo yowotcherera mofooka.