Wosunga lamba ndine

Amuna anga atanena kuti ayamba karate, ine sindinasangalale nazo. Munthu woti mbama yake ndinkaidziwa kale, wosenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula mpaka pamwamba pa phiri, tsopano akaphunzire kumenya bwino? Kuti azimenya ndani, ngati si ine?

Loweruka ndinabereka mwana kumsana n'kuwatsatira chapatali mpaka kuholo ya tchalitchi. Aphunzitsi awo anali bambo wamfupi, mlonda wa kuesiteti ya tiyi. Ndinawaitanira pambali.

"Bambo, chonde athamangitseni. Kunyumba amandimenya."

Aphunzitsiwo anauza amuna anga kuti amasule lamba woyera amene amamanga m'chiuno, n'kundipatsa ine anthu onse akuona.

"Mayi, wa karate sayamba kumenya munthu. Lambayu muzisunga ndinu. Loweruka lililonse azikupemphani. Akadzabwera opanda lamba, ine sindidzafunsa, ndidzadziwa."

Ha! Ndinapita kukapempha thandizo, ndinabwerako ndi ntchito. Aphunzitsiwo amagona kwawo. Nanga wogona nyumba imodzi ndi munthu womanidwa lambayo ndani?

Ndiye zinayamba zotopetsa. Polowa m'nyumba, amuna anga kuwerama kaye pakhomo. Mchere ukachepa m'ndiwo, m'malo mokalipa ankapita kuseri kukaima mawondo opinda, kupuma fuu, fuu, mpaka anansi kundifunsa ngati adwala mphumu. Ine osaseka. Maso anga anali pa manja awo basi.

Lachinayi lina alendo amene anawalonjeza ulendo sanabwere. Amuna anga anafika nkhope ili gwa, n'kupeza mwana wagwetsera foni yawo m'beseni la madzi. Dzanja linakwera. Ndinaphimba mwana ndi thupi langa, ndinatsinzina. Phwaa! Chimene chinasweka ndi beseni.

Loweruka m'mawa anaima pakhomo la kuchipinda.

"Mayi a mwana, lamba uja."

"Sindikupatsani."

"Aa, koma ndinakukhudzani ine?"

"Mwanayu akamva mawu anu akundikakamira mpaka lero. Lamba palibe."

Pothawira ndinali nditaonapo kale: pazenera, mwana m'khwapa, kudutsa m'chinangwa mpaka kwa anansi. Amuna anga anapuma fuu, fuu, sindikudziwa kangati. Kenako anatembenuka n'kumapita, malaya oyera a karate atawagwira ndi dzanja pachifuwa kuti asatseguke.

Ndinakhala kwa anansi mpaka dzuwa kupendeka, ndikusuzumira kumsewu. Amuna anga anabwera akukoka miyendo. Mnzawo wina ndi amene anandiuza kuti aphunzitsi sanawafunse kanthu, anangowaimika pakona mawondo opinda, anzawo akuphunzira mpaka kuweruka.

Masiku awiri sanandiyankhule, chakudya ankadya atandipatsa msana. Koma sanandimenye. Lachiwiri ndikuchapa, anabwera kudzaima pafupi, maso pansi, n'kufunsa ngati Loweruka likubweralo angayembekezere kanthu.

Ndinati tiona, sabata ikadali yaitali.